Galimoto Yowira pa Geti

Loweruka lililonse, teni koloko isanakwane, Makaniko ankakhala atasamba kale, atavala malaya ochapa, ali phee pa benchi la mu shedi yake ngati munthu wongopumula. Kupumula kwake kuti! Ankatchera khutu. Mwa galimoto zonse zodutsa mumsewu umenewo iye ankadikira imodzi yokha, yaing'ono, yoyera, ya mwana wake wamkazi, ndipo ankaizindikira kulira kwake isanakhote n'komwe pa sitolo ya pakona.

Dzina loti Makaniko linangomukakamira, ntchito yeniyeniyo inali itamuthawa kalekale. Anagwira zaka makumi atatu ndi zinayi pa garaja ya mabasi, ndipo atapuma anamanga shedi ya malata pabwalo la nyumba yake. Poyamba anthu ankabwera ndithu. Kenako kunadza galimoto zamakonozi, zoti kuti udziwe chikuvuta uyambe wazilumikiza ku kompyuta, basi makasitomala anayamba kutha mmodzimmodzi, osatsanzika. Koma anthu inu! Munthu woti unagona pansi pa galimoto yake mvula ikukhuthuka, lero akukudutsa atakweza galasi. Pamapeto pake inatsala galimoto imodzi yokha padziko lonse yoti Makaniko n'kuitsegula boneti, ndipo inali ya mwana wakeyo.

Mwanayo ankamutcha Namba Teni. Aliyense wogwira sipanala akudziwa kuti ya namba teni ndiyo yosowasowa: waiika apa, kungotembenuka, yapita. Nayenso ali wamng'ono anali wotero, ukamufuna uchite kumusakasaka. Tsopano anali mayi wa ana awiri, mphunzitsi wa ku sekondale, koma khalidwe losowalo sanalisiye.

Osati kuti anali mwana woipa, ayi. Loweruka sankaphonya. Ankaima pa geti, injini osazimitsa, chitseko n'kuchisiya chotsegula, n'kutsika ndi jumbo ya shuga, sopo, buledi ndi mankhwala a BP.

"Mwadzuka bwanji, Ababa? Mankhwala mukumwa?"

"Ndikumwa. Nanga galimotoyi ikuyenda?"

"Ikuyenda."

Basi, nkhani yathera pomwepo. Kale amayi ake a mwanayu ndiwo ankayendetsa macheza pakhomopo. Bamboyo akang'ung'udza mawu awiri, iwo ankawatambasula mpaka n'kukhala nkhani ya ola lathunthu. Chimwalirireni mayiwo, zaka zitatu zapitazo, bambo ndi mwana ankangoyang'anizana ngati anthu okumana pa depoti. Chimene chinatsala pakati pawo chinali galimoto. Ikavuta, Namba Teni ankakhala pa benchi mpaka itatheka. Ikakhala bwino, mphindi zisanu zinali zambiri, injini ili kulira pa geti kumukumbutsa kuti azipita. Makaniko ankadana nako kulira kumeneko kuchokera pansi pa mtima, koma sananenepo n'kamodzi komwe.

Mwezi umodzi m'mbuyomo fani yoziziritsa rediyeta inali itapsa, ndipo Makaniko anakapeza ina kwa ogulitsa zitsulo za galimoto zakufa. Pulagi yake sinkagwirizana ndi ya galimotoyo, ndiye anaidula, n'kulumikiza mawaya awiriwo ndi manja, n'kukulunga tepi. Tsiku limenelo mwana wake anakhala maola awiri athunthu. Mdalayo anakhala akuwabwereza m'mutu maola amenewo mwezi wonse.

Tsono Loweruka limene tikunenali, Namba Teni atangopereka jumbo, foni yake inalira. Anali ahedi a kusukulu kwake, munthu wosadziwa kufupikitsa nkhani. Anayamba kuyenda uku ndi uku m'mbali mwa mpanda, "eya bwana, eya bwana," galimoto ikulira pa geti. Makaniko anangoima ndi jumbo m'manja. Mphindi khumi zinadutsa, kenako khumi ndi zisanu. Yoyamba kumva inali mphuno yake: fungo la madzi otentha osakanikirana ndi dzimbiri. Posakhalitsa nthunzi inayamba kutuluka m'mbali mwa boneti.

"Iwe! Zimitsa! Zimitsa injini!"

Namba Teni anathamanga n'kupotokola kiyi. Injini inazima, koma m'katimo madzi ankabwatabe ngati ketulo yoiwalika pamoto. Boneti itatsegulidwa, mkono wake unalunjika pa chivundikiro cha rediyeta, bambo ake n'kuugwira.

"Ukufuna kusupuka nkhope? Chimenecho sakhudza injini ili moto." Anamuyang'ana. "Yayamba liti?"

Mwanayo anayang'ana pansi. "Aka n'kachitatu, Ababa. Lachiwiri pa maloboti, tili pamzere. Lachinayi ndikudikira ana pa sukulu yawo. Ndikamayenda kamuvi kosonyeza kutentha kaja kamatsika kokha, koma ndikangoima kamakwera mpaka pofiira."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Bambo a ana akuti Lolemba ipite ku garaja yaikulu ija ya makompyuta." Anaika foni m'thumba. "Akuti zokonzera galimoto pansi pa malata zithe. Akuti inunso mupume."

Mupume! Pali mawu ena aulemu amene amabaya kuposa mwano. Mkamwini ameneyo, munthu wosadziwa ngakhale pothira oyilo, lero ndiye wogamula za kupuma kwa eni ntchito. Makaniko anapsa mtima, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha, ndipo anawazindikira bwinobwino. Galimotoyi ikangolowa ku garaja ija sidzapondanso mu shedi muno. Namba Teni adzatsala wa jumbo ndi mphindi zisanu basi, mpaka tsiku lodzamuika bambo ake m'manda.

"Lolemba ndi Lolemba," anatero. "Lero ndi Loweruka. Gwira chiwongolero, tiikankhire mu shedi."

Anaikankha, n'kukhala pa benchi kudikira kuti izizire, mmodzi uku, wina uku, pakati pawo pali malo a munthu wachitatu. Namba Teni anayang'ana wotchi kawiri.

"Osaiyesa poyendetsa bwanji, Ababa?"

"Galimoto yotentha ikamayenda umaiyesa poyendetsa. Yotentha itaima, umaima nayo. Ukapita nayo kumsewu ikunamiza, chifukwa mphepo imalowa yokha kutsogoloku n'kuiziziritsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe."

Itazizira, anatsegula chivundikiro ndi kansanza n'kuwonjezera madzi amene anatayika powira. Anafinya mapaipi onse imodziimodzi, anasisita pansi pa rediyeta ndi chikhatho, anapapasa pampu ya madzi. Paliponse panali pouma. Kenako anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kumuonetsa mwanayo.

"Ukuoneka bwanji oyiloyu? Wakuda, kapena ngati tiyi wamkaka?"

"Wakuda."

"Ndiye madzi sakulowa mu injini. Gasiketi yotchinga pakati pa madzi ndi oyilo ili moyo."

Anafunsa ngati mphunzitsi woyesa mwana wasukulu, koma kunena zoona iye mwini sakanatha kusiyanitsa. Panali patatha chaka chilowereni chifunga m'maso mwake. Zala zinkaona, makutu ankaona, mphuno inkaona, koma maso enieniwo ankangomuonetsa zithunzithunzi. Sanauze munthu. Akanauza ndani? Ndipo makaniko wosaona bwino, ndani angamusiyire galimoto?

"Liza," anatero.

Namba Teni analiza injini. Makaniko anaika dzanja pa paipi yapamwamba n'kutseka maso. Anadikira. Paipiyo inali yozizira kwa kanthawi ndithu, kenako mwadzidzidzi inatentha m'chikhatho mwake. Anagwedeza mutu: kachitseko kolola madzi kuzungulira kanali kutseguka bwino, vuto silinali pamenepo. Panatsala chinthu chimodzi. Galimoto ikaima, mphepo iyenera kukokedwa ndi fani, ndipo fani imene inalimo ndi ija anaiika yekha.

"Kamuvi kali pati?"

"Kadutsa pakati."

Pomwepo fani inadzuka, vuu!

"Mwaona, ikuzungulira," anatero Namba Teni. "Bambo a ana anaionanso, akuti fani ili bwinobwino."

"Kamuvi?"

"Kakukwerabe."

Apa Makaniko anagwira njakata. Madzi alimo, mapaipi ndi athanzi, fani ikuzungulira, nanga chikutenthetsa n'chiyani? Anapita kukaima kutsogolo kwa galimoto, manja m'chiuno, akukanda mutu ndi kumbuyo kwa chala. Ali chiimire choncho anamva kutentha m'mawondo. Mpweya wamoto unkamuwomba pa thalauzi.

Anawerama n'kung'amba tsamba la nyuzipepala yakale pansi pa benchi, n'kuliyandikiza pa timabowo ta kutsogolo kwa rediyeta. Fani yabwino imakoka pepala n'kulimata pamenepo. Ili linauluka n'kudzagwa pamapazi pake.

Fani inkazungulira chobwerera. M'malo mokoka mphepo yozizira ya kunja, inkatenga moto wa injini n'kuuponyera pa rediyeta. Ndipo fani sizungulira chobwerera yokha ayi, pamakhala wina amene wasinthanitsa mawaya. Waya wabuluu ndi wakuda, mu mdima wa shedi, kwa iye onse anali akuda. Tsiku lija anangomva vuu, n'kukhutira, n'kutseka boneti. Zoyesa ndi pepala anaziiwala, iyeyo amene ankakalipira anzake ku garaja ya mabasi akalumpha zimenezi. Anaiwala chifukwa mwana wake anali pa benchi akusimba za kusukulu, ndipo iye khutu lonse linali kumeneko.

Anacheuka. Namba Teni anali pampando wa dalaivala, maso pa foni. Sanaone kanthu.

"Zimitsa," anatero. "Kanditungire madzi m'nyumbamo. Chigubu chili kukhitchini."

Madzi sankawafuna. Ankafuna mphindi ziwiri zokha ali yekha. Kusinthanitsa mawaya awiri sikufuna maso: uyu apite uku, uyu abwere uku, tepi, basi. Kenako adzanamizira chivundikiro, poti chivundikiro sichiyankhula. Adzati, "Ndakonza, koma ubwere nayo Loweruka ndidzaionenso, ndi Loweruka linalo." Mkamwini adzatseka pakamwa, ndipo benchi lidzakhala ndi anthu awiri. Anachotsa waya wa batire n'kuyamba kumatula tepi.

Mphindi ziwiri zinakwana, iye akadali chigwirire mawaya. Zinakwana zisanu. Mwanayo sankatuluka. Makaniko anakumbukira kuti m'nyumbamo Namba Teni anali asanalowemo miyezi yambiri, ndipo anayamba kuwerenga m'mutu zimene akuziona: kapu imodzi pa sinki, mbale imodzi, mpando wa amayi ake uli pomwe unali, kalendala ya chaka chatha ikadali pakhoma.

Atatuluka, m'manja mwake munalibe chigubu. Munali mabotolo awiri a mankhwala.

"Ababa, mabotolowa mwawakulunga tepi ya mawaya chifukwa chiyani? Ili kamodzi, ili kawiri."

"Kamodzi ndi am'mawa, kawiri ndi amadzulo."

"Koma paja n'zolembedwa apa. Zilembo zikuluzikulu."

Amati fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Makaniko akanatha kukhala chete, akanathanso kuseka n'kunena kuti ndi zizolowezi za amakaniko. Bodza linali kale pa lilime, lokonzakonza. Koma anamuyang'ana mwanayo, chithunzithunzi choima pa khomo la shedi, ndipo anaona kuti kaimidwe kake ndi ka amayi ake ndendende. Anatopa nazo.

"Bwera kuno," anatero. "Mwa mawaya awiriwa, wabuluu ndi uti?"

Namba Teni anawerama n'kuloza. "Uyu."

"Kwa ine onse ndi akuda." Anapumira m'mwamba. "Galimoto yako ilibe vuto, mwanawe. Vuto ndine. Fani ija ndinailumikiza mosinthanitsa, ikuwombera moto pa rediyeta. Ndakutuma madzi kuti ndikonze mobisa, ndikunamize kuti n'chivundikiro."

Mwanayo anaweramuka pang'onopang'ono. "Ndimayenda ndi ana m'galimoto imeneyi, Ababa."

"Ndikudziwa."

"Injini ikanafera pamsewu! Maso amenewa ayamba liti?"

"Chaka chatha."

"Chaka! Chaka chathunthu, ine ndikubwera pano Loweruka lililonse?"

"Umabwera," anatero Makaniko.

Namba Teni anayang'ana ku geti, pamalo pamene ankaimikapo galimoto, pomwe panali chithaphwi cha madzi adzimbiri chikuuma ndi dzuwa.

Anamaliza ntchitoyo awiri. Mwanayo ankaloza, bamboyo ankapota mawaya ndi pulayazi n'kukulunga tepi, wabuluu kwa wabuluu, wakuda kwa wakuda. Anabwezeretsa waya wa batire, injini inalira, n'kudikiranso. Fani itadzuka, Makaniko anapereka pepala lija kwa mwana wake.

"Yandikiza wekha."

Pepalalo linathawa m'zala zake n'kukamatirira kutsogolo kwa rediyeta ngati lapakidwa guluu. Kamuvi kanatsika, kanafika pakati, n'kukhazikika. Anaisiya ikulira mphindi makumi awiri, kamuvi osasuntha.

"Yatheka," anatero Makaniko akupukuta manja. "Tsopano ikhoza kulira pa geti tsiku lonse, siwiranso. Koma Lolemba ipite ndithu ku garaja kuja akaione anthu a maso. Mkamwini sakulakwa."

Namba Teni anaika mabotolo aja pa benchi, n'kulowa m'galimoto. Maso ake anali ofiira, koma bambo ake sakanatha kuona zimenezo. Iye anangomva chitseko kutsekedwa, giya kulowa, ndi kulira kwa injini kukucheperachepera mpaka kukathera pa sitolo ya pakona.

Sabata imeneyo inali yaitali, abale. Lamulungu anapukuta masipanala onse ndi kansanza ka oyilo n'kuwandandalika m'bokosi, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Ya namba teni panalibe. Anaseka yekha, koma kuseka kwa munthu mmodzi pansi pa malata sikumveka bwino, ndiye anasiya. Anatseka bokosilo n'kulikankhira pansi pa benchi. Lolemba anakhala akuganiza kuti mwina nthawi ino anyamata a mayunifolomu akuloza tepi yake n'kumaseka. Foni sinalire Lachiwiri, sinalire Lachitatu. Ankadya ataimirira pa sinki, popeza kukhala patebulo wekha kumachulutsa mipando. Wailesi ikapereka moni ankayankha. Anasungulumwa zenizeni, kusungulumwa kopanda ngakhale choti n'kudikira, ndipo ankadziwa kuti wadzichitira yekha ndi pakamwa pake. Komabe akadzifunsa ngati akanakonda kunama, yankho linkakana kubwera.

Loweruka sanasambe m'mawa, sanavale malaya ochapa, ku benchi sanapite. Kukatani? Anakhala m'nyumba pa mpando wa mkazi wake, atavala vesiti, mapazi ali pa simenti. Koma khutu lilibe chitseko. Teni koloko itangodutsa anaimva galimoto ija ikukhota pa sitolo, ikubwera pang'onopang'ono, n'kuima pa geti.

Injini inapitiriza kulira, monga mwa masiku onse.

Sanadzuke. Akoleke jumbo pa geti, aimbe hutala, azipita, anatero mumtima. Anangokhala n'kumamvetsera, poti ndi chokhacho chimene anali akadachitha. Injini inkalira mosalala. Patapita kanthawi fani inadzuka, vuu, kulira kwake koyenera, kokoka, ndipo inagonanso. Mphindi zisanu zinadutsa osamva chitseko. Zinadutsa khumi.

Kenako zii.

Makaniko anadzambatuka. Injini yozima yokha galimoto itaima! Ndiye kuti pali chinanso chimene anawononga: waya wa batire sanamange bwino, kapena wakhudzitsa penapake, fyuzi yapsa. Mayo ine, maso awa! Anatola pulayazi patebulo n'kutuluka chothamanga, wopanda nsapato, akupunthwa pa sitepe.

"Yazima yokha? Inayamba yatsokomola, kapena yangoti zii? Pa dashibodi payaka chiyani? Tsegula boneti!"

Namba Teni anali ataima pambali pa galimoto, chitseko chotseka, jumbo kudzanja ili, makiyi kudzanja linali.

"Ndazimitsa ndine, Ababa."

Mdalayo anaima pakati pa bwalo, pulayazi ili m'manja. Anayang'ana galimoto, anayang'ana mwana wake, anayang'ananso galimoto. Pansi pa boneti chitsulo chinkalira pang'onopang'ono, the, the, the, mmene imachitira injini ikamazizira.

"Ilibe vuto?" anafunsa.

"Ilibe." Anakhoma galimotoyo n'kuponya makiyi mu jumbo, pamodzi ndi shuga ndi sopo. "Lachitatu tikupita ku chipatala cha maso, ndapempha kale kwa ahedi. Koma lero ndabwera kudzangokhala. M'nyumbamo ndinaona kapu imodzi. Inzake ili kuti?"

"Ili m'kabati. Ndi ya amayi ako. Yachita fumbi."

"Ndikatsuka."

Anamudutsa n'kulunjika kukhomo. Makaniko anatsatira pambuyo, wopanda nsapato, akusinthasintha pulayazi ija kuchoka kudzanja ili kupita ku linali, kusowa poiika.